Sensa ya pa Geti la Amayi

Anthu a kumsika ankamutchula kuti Namawaya, chifukwa ndiye anali mkazi yekhayo pamzere wa okonza mawailesi, ndipo m'tsitsi mwake simunkasowa kachidutswa ka waya. Dzinalo linamumata mpaka kwa abale ake. Loweruka lina m'mawa anatseka kashopu kake, ananyamula chikwama cha zida ndi jumbo ya malalanje, ulendo wokaona amayi ake, omwe ankakhala kwa achimwene ake kutsidya kwa tawuni.

Amayiwo mutu unali utayamba kuwasokonekera. Anagwira ntchito yochapa nsalu pachipatala zaka makumi atatu, ndiye ngakhale anapuma kalekale, m'mawa uliwonse ankamanga mpango n'kumati achedwa kuntchito. Ukangoyang'ana kumbali, atuluka. N'chifukwa chake miyezi itatu m'mbuyomo Namawaya anadzakhoma sensa pamwamba pa geti, kabokosi koyera kokhala ndi diso loona munthu akamadutsa. Ena amakalumikiza ku getsi lapanja, iye anakalumikiza ku belu la pakhonde. Chikhomereni kabokosiko, anali asanapondenso pakhomopo.

Atakankha geti anatchera khutu. Zii. Anabwerera m'mbuyo n'kudutsanso akugwedeza dzanja pamaso pa sensayo. Zii. Anamvetsera nyumba zoyandikana: panalibe wailesi yolira, ngakhale chigayo cha kumapeto kwa msewu chinali duu. Magetsi anali atazima.

Mlamu wake, mkazi wa achimwenewo, anali pakhonde akupalasa makina osokera. Anali telala wosokera pakhomo pomwepo, makamaka mayunifolomu a sukulu. Ataona mlendoyo anasiya kupalasa, koma sanaimirire msanga ngati kale.

"Alamu, bwanji osaimba foni kuti mukubwera?"

"Kwa amayi anga ndiziyamba ndapempha chilolezo? Ali kuti?"

Mlamuyo asanayankhe, m'nyumba munamveka kugogoda. Kunali kugogoda kwa munthu amene wayamba m'mamawa, dzanja latopa koma sakuleka.

Namawaya anaponya malalanje pampando n'kulowa. Pachitseko cha chipinda cha amayi panali loko watsopano, wonyezimira, wonga amene anthu amakhomera mosungira matumba a simenti.

"Nditsegulireni, anthu inu," anatero mawu a amayi m'katimo. "Nsalu za odwala zikundidikira. A sisitala andikalipira."

"Kiyi ali kuti?" Namawaya anafunsa osatembenuka.

"Apita naye achimwene anu," anayankha mlamu ali kumbuyo kwake.

"Apita naye? Nanga nyumba itapsa? Nanga atagwa m'menemo?"

"Abwera masana. Alamu, tamverani kaye..."

Sanamvere. Anatulutsa sikuludiraiva n'kuyamba kumasula chitsulo chomwe lokoyo anakolekedwapo. Masikulu anali anayi. Pa sikulu yachitatu anadzibaya chala, koma sanamve n'kuwawa komwe. Chitsulocho chinagwa pansi pamodzi ndi loko wake.

Choyamba kumulandira chinali fungo. Pakona panali ndowa yovundikira ndi katoni. Zenera linali lokhomedwa ndi misomali iwiri. Amayi anali chiimire, mpango kumutu, kachikwama m'khwapa, mapazi onse awiri omangidwa mabandeji.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero akumwetulira. "Ndinu atsopano pantchito pano eti?"

Namawaya anawagwira dzanja, anawatulutsa n'kuwakhazika pampando wa pakhonde, anawasendera lalanje. Atatha anatembenukira kwa mlamu wake.

"Tsopano ndiuzeni. Amayi anga aba chiyani kuti akhale m'ndende?"

Mlamu anafotokoza maso ali pansalu yomwe ankasoka. Lachitatu magetsi anazima m'mawa iye ali kubafa. Belu silinalire. Potuluka anapeza geti lili pululu. Anazungulira misewu yonse, anafika kumsika, anafika kupolisi. Dzuwa litapendeka ndi pomwe bambo wina wogulitsa makala anabwera nawo atawakweza panjinga. Anawapeza kumsewu waukulu, ataima pamzere woyera wapakati, malole akuwadutsa uku ndi uku, nsapato atataya, mapazi ali magazi okhaokha. Achimwene atamva, anapita kusitolo n'kubwera ndi loko.

"Masiku atatu! Ndiye palibe woti n'kundiuza?"

"Ndinakuimbirani kawiri Lachitatu lomwelo. Simunayankhe."

Namawaya anakumbukira. Foni inalira ali pakati potsegula wailesi yakanema ya munthu, anati aimbanso akamaliza, n'kuiwala. Kukumbukirako sikunamuziziritse mtima, kunangowonjezera nkhuni pamoto.

"Makwerero ali kuti?" anafunsa mwaukali.

Anayamba wathimitsa swichi yaikulu ya nyumba yonse, kuopa kuti magetsi angabwere manja ake ali pawaya. Kenako anakwera, anadula mawaya, anazula sensa ija n'kudzaiika patebulo lodulira nsalu, osapempha. Mlamu anangosuntha mayunifolomu ake mwakachetechete.

Atatsegula kabokosiko anapeza nyerere zakufa ndi kathabwa kobiriwira kodzaza tizipangizo. Ankakadziwa bwino. Diso la sensa ndi kaubongo kake sizidya moto wambiri, zimangonyambita. Moto waukulu wa pakhoma ukalowa, umayamba wadutsa pa kapasita, kachinthu kofiira konga switi, komwe kamauchepetsa kuti usaotche zinazo. Ndiye chinthucho chinkadalira magetsi a pakhoma popanda chifukwa chenicheni. Kungochotsa kofiirako n'kulowetsa moto wa batire kutsogolo kwake, basi, magetsi azime sabata yonse, diso likhala likuona. Izi ankazidziwa miyezi itatu yapitayo. Ankadziwanso kuti kuderali magetsi amazima ngati akulipidwa pozima. Kungoti tsiku lija anali pachangu.

"Muli ndi batire pakhomo pano?"

Mlamu anazengereza. "Lilipo la achimwene anu. Koma salola munthu kulikhudza."

Linali pabalaza, pansi pa wailesi yakanema, batire la galimoto lopukutidwa bwino, atalifunditsa kansalu koluka. Ndi lomwe achimwene ankaonera mpira magetsi akazima. Namawaya anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mpira uli ndi batire. Amayi ali ndi loko."

Analinyamula ndi manja awiri, msana uli kulira, n'kukalitula pakhonde. Belu lakale linali la magetsi a pakhoma, silikanalira ndi batire, choncho anazungulira kuseri komwe njinga yamoto ya achimwene inafera chaka chatha, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, n'kumasulako hutala.

Vuto linatsala pa chowotcherera mawaya. Chake chinali cha magetsi, ndipo magetsiwo ndi omwe kunalibe. Anayang'ana uku ndi uku mpaka anaona simbi ya makala ya mlamu ikufuka utsi pakona. Anadula waya wonenepa wa kopa, mkuwa wofiira uja, anausula nsonga ndi hamala, anaugwira ndi pulayala n'kuuviika m'makala a simbiyo. Ukatentha ankasungunula nawo mtovu kamodzi, kawiri, wazizira, abwezenso pamoto. Ntchito ya mphindi zisanu inamudyera ola. Kapasita uja atatuluka anamuponya kutali ngati ndiye wolakwa.

Achimwene ake anafika dzuwa lili paliwombo. Anali dalaivala wa lole ya kampani ya matabwa, munthu wamkulu thupi, wolankhula ngati aliyense ali kutsidya kwa mtsinje. Anaima pageti n'kuona zonse nthawi imodzi: amayi ali panja akuyamwa lalanje, mawaya ali lende pamwamba pa geti, batire lawo lili pansi pafumbi.

"Wawatsegulira ndani?"

"Ine," anatero Namawaya osadzutsa mutu.

"Ohoo. Mlendo wabwera ndi kalumo kakuthwa."

"Mlendo ndine, koma sindinatsekerepo amayi anga ndi ndowa ngati mbuzi ya pamlandu."

"Iwe, samala pakamwa pako. Uli pakhomo panga."

"Pakhomo panu pomwe amayi anagulitsa makina awo ochapira kuti mufolere malata? Pamenepa?"

Achimwene anakwera pakhonde, nsapato zikugunda. "Unali kuti Lachitatu? Ine ndinasiya lole yodzaza matabwa pamsewu n'kumathamanga ngati wamisala, kufunsa m'zipatala, mpaka kukasuzumira kunyumba ya chisoni. Ukudziwa kusuzumira m'menemo ukufuna mayi ako? Iwe unali kuti? Unadzatikhomera kachidole kako apa n'kumapita, ukuganiza kuti wamaliza kulera mayi."

"Kachidole kameneka kanagwira ntchito miyezi itatu."

"Tsiku lomwe tinkakafuna kanagona tulo!"

"Ndiye mankhwala ake ndi loko? Kiyi m'thumba mwanu, inu muli paulendo ndi lole? Moto utabuka, alamuwa akanathyola chitseko ndi singano?"

Achimwene anali asanaziganize zimenezo, ndipo zinaoneka pankhope. Analoza batire.

"Ndipo ilo ubweze pomwe walitenga."

"Mpira mukaonera kwa anzanu."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati mukaonera kwa anzanu! Kapena mudzitsekere m'chipinda muja, loko ndi uyo ali pansiyo, muone ngati masiku atatu ndi ochepa."

Amayi anayang'ana ana awo awiriwo n'kugwedeza mutu. "Anthu a pantchito pano phokoso," anauza mlamu. "Odwala agona bwanji?"

Namawaya anabwerera ku ntchito yake mano ali gwa. Anawotcherera waya wofiira ndi wakuda pomwe moto wochepetsedwa unkalowera, anaika kafyuzi koteteza moto ukachuluka pa wofiirawo, kenako anagunditsa nsonga zake pamitu ya batire. Kagetsi kakang'ono ka pathabwa kanayaka. Anadutsitsa dzanja pamaso pa sensa, kagetsiko kanaphethira, kusonyeza kuti diso laona. Koma panayenera kumveka kuti thwa, kulira kwa kaswichi kodzitsegula kokha komwe amisiri amati rile, komwe kamapereka moto ku belu. Sipanamveke kanthu. Anadutsitsanso dzanja. Zii.

Achimwene anaseka kuchokera m'mimba. "Ndi umisiri wakewo umenewo? Anthu amakusiyira mawailesi awo iweyo?"

Namawaya anayandikitsa kathabwako kumaso n'kuwerenga timalemba ta pamsana pa rile. Inkafuna mavolti makumi awiri ndi anayi, pomwe batire la galimoto limapereka khumi ndi awiri. Kanthu koti akanakaona poyamba pomwe akanakhala kuti mutu uli m'malo. Anakhuthula pansi chitini chake cha zidutswa zomwe ankazula m'zinthu zakufa, n'kuyamba kufukula ngati nkhuku. Masikulu anagubuduka mpaka pansi pa makina osokera. Anaipeza rile yabuluu ya khumi ndi awiri, koma miyendo yake sinkagwirizana ndi mabowo a pathabwa. Anaigoneka chagada, anaimata, n'kulumikiza mwendo uliwonse ndi kawaya kakekake, uku akuviika kopa uja m'makala, uku akupukuta thukuta ndi phewa. Mtovu wotentha unamudonthera pantchafu, anatukwana mawu omwe amayi akanakhala bwinobwino akanamutsina nawo khutu. Pomaliza anatenga mpeni n'kudula kanjira ka kopa komwe kale kankadzera moto wa pakhoma, kuti wina asadzalakwitse n'kulumikizanso. Anaonetsetsa kuti kachitsulo kosankhira usiku kapena usana kadali pamalo oti diso lizigwira ntchito ngakhale dzuwa lili phwee.

Anadutsitsa dzanja. Thwa.

Sanayang'ane achimwene ake. Anatseka kabokosi, anakwera makwerero, anakakhoma pamalo pake. Anayendetsa waya m'mbali mwa mpanda mpaka pakhonde, anamangirira hutala pamzati woyang'ana kugeti, batire analikankhira pansi pa benchi.

"Tadutsani pagetipo," anauza achimwene.

"Ndine wantchito wako?"

Anapita yekha. Atangofika pansi pa diso lija, hutala inang'amba mpweya. Piiiii! Nkhuku zinabalalika, galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa, mayi wina anasuzumira pampanda. Inalira kanthawi n'kuleka yokha.

"Mwamva?" Namawaya anakuwa ali pageti pomwepo. "Magetsi kulibe, koma mwamva? Ndiye mundiuzenso za loko!"

"Batire likatha?"

"Mulitchaja magetsi akabwera, ngati mmene mumachitira pofuna mpira!"

Anabwerera pakhonde ndipo mkangano unayambiranso pomwe unalekera. Zinatuluka ndi zakale zomwe: za maliro a bambo awo, za amene anapitiriza sukulu ndi amene anasiyira panjira kuti mnzake aphunzire, za amene amayi ankamukonda. Ankalozana zala, mlamu ali pakati akutolera masikulu pansi pa makina ake. Panalibe amene anaona amayi akuimirira, kukonza mpango wawo, n'kutsika masitepe pang'onopang'ono ndi mapazi awo a mabandeji.

Piiiii!

Amayi anakuwa kukuwa komwe Namawaya anali asanakumvepo chibadwire. Anataya kachikwama, anagwira mutu ndi manja onse n'kudzigwetsa chogwada pamiyala ya pageti.

"Galimoto! Galimoto! Musandigunde, bambo, ndikupita kuntchito!"

Namawaya anathamanga n'kuwagwira mapewa. "Amayi, ndine, palibe galimoto!" Koma amayi anamukankha ndi mphamvu yodabwitsa, maso ali tong'o, osamudziwa. Poti iye anali akuyendayenda pansi pa diso lija, hutala inangopitiriza kulira. Achimwene ndi omwe anazula waya pabatire.

Mlamu anafika osathamanga. Anagwada pamiyala pomwepo, kutsogolo kwa apongozi akewo, osawagwira. Anatola kachikwama n'kukapukuta fumbi.

"Amayi, yadutsa. Yapita kale. Onani, msewu uli mbee."

"Ndachedwa," amayi anatero akusisima.

"Simunachedwe. A sisitala atumiza uthenga, ati lero makina ochapira akukonzedwa, mulowa mawa. Koma tiyeni tikaone ngati nsalu zathu zauma kuseriku."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja. Mlamu anawadzutsa n'kuzungulira nawo kuseri kwa nyumba, akuyenda mwa mayendedwe awo. Mabondo a amayi anali atasupuka. Namawaya ndi achimwene ake anatsala chiimire pabwalo, aliyense akuyang'ana kwake.

Panapita nthawi mlamu asanabwere. Anali atawasambitsa mabondo n'kuwagoneka pamphasa pamthunzi. Anafika pakhonde, anakhala pamakina ake, anaika phazi popalasira, koma sanapalase. Namawaya anayandikira.

"Alamu, pepani. Hutalayi ndiichotsa apa, ndiika..."

"Pepani sapoletsa chilonda, alamu."

Mawuwo anatuluka motsitsa, koma onse awiri anatembenuka. Pa zaka khumi ndi zisanu za ukwati wake, mlamuyo anali asanayankhepo munthu wa m'banjamo chotero.

"Ndikufunseni, inu amisiri. Chinthu chanucho chikalira, amathamanga ndani? Miyezi itatu belu lanu lakhala likulira pano. Mbuzi ikadutsa, lalira. Wogulitsa tomato akasuzumira, lalira. Ine ndili kubafa sopo ali kumaso, lalira, ndituluke ndi chitenje chonyowa. Ndili pakati podula nsalu ya munthu, lalira, lumo lapita pena. Kakhumi, kakhumi ndi kasanu pa tsiku. Inu muli kumsika mukuuza anzanu kuti amayi munawakonzera zamakono."

"Ine ndimafuna kuthandiza..."

"Munathandiza. Munandimangirira belu m'khosi ngati ng'ombe." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Ndipo inu, musaime apo ngati mwapambana. Loko wanuyo munagula, kiyi n'kuika m'thumba, n'kumapita. Amene wakhala akumva kugogoda masiku atatu ndani? Mumadziwa kuti amagogoda mpaka zala kutupa? Mumadziwa kuti amaitana dzina langa? Ana awo enieni anawaiwala, dzina lomwe latsala m'mutu mwawo ndi langa, ndiye ndizikhala pano ndikupalasa makina kuti ndisamve. Ndowa ija amataya ndani? Inu?"

"Mayi a m'nyumba, anthu akumva," achimwene anatero chapansipansi.

"Amve! Lachitatu anamva kale ndikulira m'misewu. Mchemwali wanga anachira mwezi wa dzana, mwana mpaka wayamba kuseka, ine sindinamuone. Kutchalitchi anasiya kundifunsa. Chaka ndi theka sindinatuluke pageti ilo kopitirira ola limodzi. Ndiye mwabwera awiri kudzakanganirana kuti wokonda mayi ndani, wina ndi loko, wina ndi hutala. Mayi ndi anu. Ine anga anamwalira ndili pano ndikusambitsa anu."

Anapalasa makina mwamphamvu mpaka ulusi unaduka. Anausiya wodukawo, analowa m'nyumba n'kudzitsekera kuchipinda.

Namawaya anafuna woti amukalipire, koma panalibe. Achimwene anali atakhala pamasitepe, chipewa chili m'manja. Mkwiyo unali udakalipo, wowawa ngati ndulu, kungoti tsopano sunkadziwa kolowera. Anamasula hutala pamzati. Anaikulunga ndi zidutswa za nsalu zomwe zinali m'dengu la mlamu, anaiika m'chitini chopanda kanthu n'kukaikoleka m'kati mwa nyumba, kutali ndi geti. Anakweranso makwerero n'kumata tepi m'mbali mwa diso la sensa kuti lizingoona pakhomo penipeni pa geti, lisamaone mbuzi ndi anthu odutsa mumsewu. Atabweza waya pabatire n'kuyesa, m'nyumba munangomveka kulira kofatsa ngati kwa njuchi yotsekeredwa m'botolo. Pageti sipankamveka kanthu.

Kenako anatenga hamala n'kukazula misomali ya pazenera la amayi. Anatulutsa ndowa ija, anakataya, anaitsuka ndi manja ake. Anakolopa chipinda chonse. Achimwene anabwera kudzaima pakhomo.

"Lachiwiri ndi Lachisanu ndizibwera ndi ntchito zanga, ndizikonzera pakhonde pano," anatero Namawaya akufinya chikolopa. "Lamlungu ndi lanu. Osati kukhala pabalaza ndi mpira, alamu akuthamanga. Lanu."

"Lamlungu nthawi zina ndimakhala paulendo."

"Mukauze abwana anu kuti muli ndi mayi."

"Iwe sungandilamule m'nyumba mwanga."

"Ndakulamulani kale."

Sanatsanzikane. Pochoka anagogoda pachitseko cha mlamu n'kunena za masikuwo ali panja. M'katimo munangochokera mawu amodzi: "Tiona."

Lachiwiri anafika m'mawa ndi mawailesi atatu m'katoni. Anapeza mlamu atavala kale diresi lake labwino, mphatso ya khanda ili m'jumbo. Mlamuyo anamuonetsa pomwe pali mankhwala a amayi, anamuuza kuti asawapatse tiyi wotentha kwambiri chifukwa amamwa osapemerera, ndiponso kuti akafuna kutuluka asawakanize, angoyenda nawo mpaka pachigayo n'kubwerera njira ina. Ananena zonsezi osamwetulira, n'kumapita.

Tsiku limenelo hutala inalira kasanu ndi kawiri. Namawaya anayenda ulendo wa kuchigayo kanayi. Wailesi anakonza imodzi yokha, nayonso anaiwala kumanga sikulu ya m'kati moti inkachita phokoso akaigwedeza. Pofika madzulo miyendo inali itatupa, ndipo anali atakalipira amayi kamodzi, mokweza, chifukwa chothira shuga m'chitini chake cha zida. Amayi analira. Iye anakakhala kuseri kwa nyumba kanthawi, akudziluma mlomo.

Achimwene sanalankhule naye mwezi wathunthu. Akakumana pakhomo ankadutsana ngati anthu okwera basi imodzi. Malamlungu awiri anakhaladi pakhomo, Lamlungu lachitatu anathawa, Namawaya anawaimbira foni n'kuwanyoza mpaka foni inatentha. Za batire lawo sanazitchulenso.

Lachisanu lina anapeza katoni yaphwatalala itatsamira khoma la pakhonde. Mlamu anati achimwene anaisiya m'mawa osanena kanthu. M'katimo munali sola yaing'ono yotchajira batire. Namawaya anaitembenuza n'kuwerenga kumbuyo kwake. Inalibe kabokosi koletsa batire kudya moto wopitirira muyeso, ndipo mawaya ake anali aafupi, osafika n'pakati pa khoma pomwe.

"Munthu wamkulu kugula chinthu osafunsa," anatero. "Akufuna batire liphulike? Pakamwa anabadwa napo pa ntchito yanji?"

"Ndiwauze abweze?" anafunsa mlamu.

"Ayi, isiyeni. Kabokosiko ndili nako kushopu." Anayang'ana padenga n'kuona mbali yomwe dzuwa limakhalitsa. "Tandigwirirani makwerero, alamu, ndione ngati malatawa angandinyamule."